Makina a pa Boma Anasiya Kumuitana

Senderani pafupi ndi wailesi, anzanga, mundimvere.

Mwana wanga amagwira ntchito ya makompyuta ku Lilongwe. Makina akuluakulu a ofesi ina pa Boma akafuna mapulogalamu atsopano, ankamutuma, ndiye pobwerera ankadzera kwathu ku Biriwiri kudzatenga kachewere.

Bambo ake atadwala ndinamuimbira: "Mwanawe, makina aja sakukuitananso?"

Iye amvekere, "Amayi, pano ndimangowakonza ndili pampando konkuno, kudzera pa netiweki. Abwana sakunditumanso."

Mulungu andikhululukire, ndinapemphera kuti makinawo afe. Anafadi, koma akuti anawadzutsa tiyi wake asanapole.

Bambo ake anatisiya maso ali kumsewu. Mwanayo anawapeza m'bokosi. Makina ali moyo. Ine ndimamupatulirabe kachewere wake, koma amangophukira m'dengu.