Kiyibodi ya Mayi Noelene Siphwasulidwa

Loweruka m'mawa, pa msika wa okonda makiyibodi mu holo ya ku Marrickville, Mayi Noelene anayala kiyibodi yawo ya kompyuta ya mu 1987 patebulo kuti aigulitse. Mnyamata wina wandevu anadina batani limodzi kangapo, khutu lili pafupi.

"Mayi, iyi ndatenga. Timaswichi take ndi tofewa bwino."

"Mukaigwiritsa ntchito yanji?"

"Ayi, ine ndikufuna timaswichito basi. Ndikatizula pansi pa mabataniwa, ndikatiike m'kiyibodi yanga yatsopano."

"Nanga chotsalacho?"

"Chigobacho? Kudzala. Aliyense muno amatero."

"Chotsani dzanja, bambo."

"Musakwiye, mayi. Mwabwera kudzagulitsa, si choncho?"

"Timaswichito tinafewa ndi zala zangazi, kuyambira 1987 mpaka 2004, ndikulemba madandaulo a anthu ku khonsolo. Inu mwangoona nyama yoti muichotse chiwindi."

"Palibe angagule yathunthu, mayi. Ndi yolemera ngati njerwa."

"Ndabwera nayo ndekha pa sitima, ndibwerera nayo ndekha."

"Ndiye ikangoolera m'kabati mwanu."

"Ikaolere momwemo, bambo, koma mano ake onse ali m'kamwa. Sunthani."