Apongozi asowa pa msoko

Pa siteji ya basi, mayi wina wachikulire ankaonetsa foni yake kwa bambo wachilendo wokoleka kamera m'khosi.

"Inu ojambula ndinu afiti," anatero mayiyo. "Pa ukwati wa mwana wanga aliyense akuoneka, ndi denga la holo lomwe, koma ine mulibe. Abale a mpongozi wanga akuti ndinanyanyala."

"Anajambula ndi chiyani, mayi?"

"Chimpira cha maso asanu ndi limodzi, chozika pa ndodo."

"Diso lililonse limajambula mbali yake, kenako kompyuta imasoka zithunzizo kukhala chimodzi chozungulira. Woima pafupi kwambiri, pa msoko penipeni, amamezedwa. Sanakuuzeni kuti musunthe?"

"Anandiuza. Koma ndisunthe ine, kuti make mkwatibwi akule pa chithunzi?"

"Ndiye munakakamira pa ndodo."

"Mkwatiyo munabereka ndinu?"

Bamboyo anazunguza chithunzicho ndi chala.

"Musalire, umboni ulipo. Dzanja la zibangili likulendewera lokhali si lanu?"

"Langa limenelo. Ndiwatumizire pompano, achite manyazi."

"Yambani mwaliyang'ana bwino, mayi. Likulonga nyama m'chikwama."