Zikhatho Zanga Zinayeretsa Dzina la Amake Tereza

Aleluya, abale ndi alongo! Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Abusa, akulu a mpingo, zikomo pondipatsa kamphindi aka.

Ambiri mumandidziwa. Ndine Domingu, wa mota uja, njinga yamoto ija, amene ndimanyamula anthu ndi katundu kupita ku Cassacatiza, kumalire a Zambia. Kwathu ndi ku Nsadzo, kuno ndinabwera chikamwini. Amene akhala kumbuyoko, avala mpango wobiriwira, ndi akazi anga, amake Tereza. Kale ankakhala kutsogolo kuno, m'kwaya. Lero ndikuuzani chimene chinawachotsapo.

Tereza wathu anabadwa bwinobwino. Ali ndi miyezi inayi, masaya ake anayamba kufiira. Kenako kuseri kwa maondo, kenako m'zigongono. Kukanda, kukanda, mpaka magazi. Ine ndinati ndi mphere. Ndinagula sabawu wochapira zovala, ndi kulamula kuti mwana azisambitsidwa katatu pa tsiku, kumukwecha ndi chiguduli. Ine, dotolo wa pa mota! Khungu la mwana linachita kung'ambika.

Atakwanitsa zaka ziwiri, chifuwa chinayamba. Nthawi yotong'ola chimanga, fumbi likangokwera, mwana kubanika, m'chifuwa mukulira mluzu. Anayamba kuonda.

Mukudziwa zimene timanena kwathu kuno. Mwana akamatsokomola ndi kuonda chonchi, timati wasemphedwa, mmodzi mwa makolo ake wagona kunja kwa banja. Maso onse anayang'ana ine, mkamwini woyendayenda kumalire. Koma ine ndinkadziwa kuti sindinachite. Ndiye mdyerekezi anandinong'oneza kuti, “Ngati si iwe, ndi ndani?”

Abale, ndinaitanitsa ankhoswe. Panali amalume a akazi anga, apongozi anga, ndi ena amene anangobwera kudzamvera. Ndinaloza akazi anga ndi chala ichi. Ndinati, “Afunseni awa zimene amachita ine ndikakhala ku Cassacatiza.”

Akazi anga sanakuwe. Sanatukwane. Anangoti, “Abambo a Tereza, mwanena zimenezo pamaso pa amayi anga?”

Mawu aja anayenda mudzi wonse. Amake Tereza akafika pamjigo, amayi anzawo ankasiya kucheza. Kukwaya analeka kubwera. Ine ndinanyamula chikwama changa kubwerera ku Nsadzo, ndipo ankhoswe anagwirizana kuti mwezi ukatha akumanenso, banja lithe.

Mweziwo usanathe, tsiku lina masana, apongozi anandiimbira. “Bwerani ndi mota, mwana akulephera kupuma.” Ndinathamanga, abale. Ndinamupeza Tereza milomo itachita bii, nthiti zikulowa ndi kutuluka. Tinakwera atatu kupita ku Chifunde. Njira yonse, mabampu onse aja, amake Tereza sanandigwire ngakhale malaya. Dzanja limodzi mwana, lina chitsulo cha kumbuyo. Ine ndinkangoti, “Ambuye, musamutenge. Ambuye, musamutenge.”

Kuchipatala anamupopera mankhwala, ndipo pang'onopang'ono mpweya unabwerera. Aleluya!

Kenako anamwino, mayi wachikulire ndithu, anayang'ana zilonda zija. Anafunsa kuti, “Kubanja kwanu alipo wa mphumu?” Akazi anga anati kwawo kulibe. Inenso ndinayankha msanga, “Kwathunso kulibe.” Ndikuyankha chonchotu, ndikukanda mwendo.

Anamwino aja anati, “Bambo, tandionetsani manja.” Ndinatambasula. Zikhatho zouma, mizere yambirimbiri. “Kwezani buluku.” Miyendo yanga yotuwa, ya mamba ngati nsomba youma. Ine moyo wanga wonse ndinkati ndi fumbi la mumsewu.

“Mumayetsemula nthawi yokolola?”

Ndisanatsegule pakamwa, amake Tereza anayankha. “Chaka chilichonse. Maso psuu, mphuno kuchucha.”

Anamwino anatembenukira kwa ine. “Nanga amayi anu?”

Apo ndinakumbukira. Mayi anga amabanika kuyambira ndili mwana. Ife timangoti ndi chifuwa cha ku Zambia, kuti anachitenga kuja anathawira nkhondo. Sitinachitchulepo kuti mphumu.

Anamwino anatifotokozera. Anati khungu ndi mpanda wa thupi. Mabanja ena amabadwa ndi mpanda wa mipata. Madzi a m'khungu amathawa, khungu limauma, ndipo fumbi limalowa n'kuputa thupi. N'chifukwa chake kuyabwa kwa khungu, mphumu ndi kuyetsemula zimakonda kuyendera limodzi m'banja limodzi. Wina zimamugwira khungu, wina chifuwa, wina zonse. Sizipatsirana, zimayenda m'magazi.

Ine ndi kuuma mutu kwanga ndinafunsabe. “Ndiye si tsempho?”

Anandiyang'ana nati, “Bambo, ine pano sindikuona tchimo la munthu. Ndikuona mwana amene watengera khungu la bambo ake.”

Abale ndi alongo, ndinafuna nthaka ing'ambike. Chimene ndinkachifuna pa mkazi wanga chinali m'zikhatho zanga. Ndinabadwa nacho, ndinachipereka kwa mwana, ndiye n'kukaloza munthu wosalakwa.

Papita miyezi itatu tsopano. Sabawu uja tinasiya. Tereza amasamba madzi ofunda pang'ono, ndipo khungu lisanaume timamudzoza vazelina. Zilonda zikabuka pali pomada, mankhwala odzola a kuchipatala. Chifuwa chikayamba pali kabomba kake kopopera m'kamwa. Pakhomo pakakhala fumbi la chimanga, amakasewera kwa azakhali ake. Sindikunamizani kuti matenda atheratu, ayi. Amabwera, amapita. Koma mwana akugona, akudya, akuthamangitsa nkhuku. Mayi anganso ndinawatengera ku Chifunde, ali ndi kabomba kawo. Ngakhale ine, bambo wandevu, ndimadzola vazelina m'mawa uliwonse.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha mpweya wa mwana wanga. Ndikuthokoza chifukwa cha anamwino aja, amene anayang'ana manja anga m'malo mongondipatsa mankhwala n'kutiuza kuti tizipita. Ndikuthokoza apongozi anga, amene anandiimbira ine wowanyozera mwana wawo.

Ankhoswe anakumana, banja silinathe. Ndinabwerera pakhomo, ndinagwada m'nyumba, ndinapepesa. Amake Tereza anati, “Ndakukhululukirani. Koma munandinyoza pagulu, ndiye mukupepesa m'nyumba?”

N'chifukwa chake ndaima pano. Ena a inu munalipo tsiku lija. Ena munamva pamjigo. Imvaninso lero kuchokera pakamwa pomwepa. Ndinanama. Mkazi wanga sanasemphe mwana. Sanandilakwire ngakhale tsiku limodzi. Mukatuluka muno, mukanene zimenezi kulikonse kumene munakanena zoyamba zija.

Amake Tereza, pepani. Pamaso pa Mulungu, pamaso pa amayi anu, pepani.

Amayi a kwaya, ndikupempha chinthu chimodzi. Malo aja pafupi ndi ng'oma, tasendezanani pang'ono. Mwini wake akubwera.

Ambuye alemekezeke. Amen.