Amayi a Pazenera Apita Dzina Lisanayere

Malemu achemwali athu, amene ambiri mumawatcha Amayi a Pazenera, anabadwa pa 9 Juni 1966, achiwiri m'banja la ana asanu. Anamaliza sekondale mu 1985. Mu 1989 anakwatiwa ndi alamu athu aphunzitsi, amene anatsogola mu 2011.

Mu 1991 analembedwa ntchito ku ofesi ya boma yothandiza alendo, ija ili pafupi ndi depoti ya mabasi. Anakhala pazenera limodzi zaka zoposa makumi atatu, kuuza apaulendo msewu wabwino, basi yoti akwere ndi malo ogona. M'mawa, asanatsegule zenera, ankazungulira depoti kufunsa madalaivala za misewu. Mlendo akafika atanyowa ndi mvula, ankamusiyira mpando wawo, iwo n'kuimirira.

Mu Januwale 2022 ofesi inasindikiza mapu atsopano osonyeza njira yachidule yodutsa pa mlatho womwe unali utagumuka kale. Malemu analembera abwana awo kawiri kuti mapuwo asagawidwe. Abwana anayankha kuti ntchito ya munthu wa pazenera ndi kumwetulira basi. Mu Febuluwale banja lina linatsata mapuwo, galimoto yawo inagwera mumtsinje, mayi wa banjalo n'kuthyoka msana. Pofufuza, abwana anati malemu ndiwo anawalozera njirayo. Achemwali anachotsedwa ntchito ndi kalata ya mizere inayi.

Kuyambira pamenepo mtima unayamba kuwavuta. Sanatukwane munthu. Anangokasuma kukhoti la zantchito kuti dzina lawo liyere, koma mlandu unasunthidwa kasanu ndi kamodzi, ati abwana sakupezeka. Anagonekedwa m'chipatala pa 3 Meyi chaka chino, ndipo Ambuye anawatenga pa 17.

Asiya ana atatu, zidzukulu zisanu, ndi ife alongo awo awiri. Tikuthokoza a mpingo, madalaivala amene mwaimika mabasi anu lero, ndiponso amayi osesa mu ofesi ija, amene ankabwera kuchipatala masana alionse kudzawapesa tsitsi. Mulungu waona.

Bwana, takuonani pampando wakutsogolowo. Zikomo kuti lero mwapezeka. Achemwali anakukhululukirani, ifeyo tikupempherabe, koma sitinafikepo. Mlandu uja ana awo autenga. Mesenjala wa kukhoti waima pageti ndi chisamani chanu, ndipo geti pano ndi limodzi.

Achemwali, usani mumtendere wa Ambuye. Zotsalazi tisiyireni ife.