A Budhan Awiri, Chikalata Chimodzi

Omvera athu a m'midzi ya kuchigwa kuno, tcherani khutu. Nazi zilengezo zanu, ndipo tikuwerenga mmene eni ake alembera.

Pa 9 mwezi wa Mangsir, pa kalendala ya kuno ku Nepal

Mayi Sonabati Devi Mahato a m'mudzi wa Dumrahi, mayi wamasiye amene ambiri amawatchula kuti a ku Sakhuwa, akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti mwana wawo Budhan, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anatengedwa Lachitatu m'mawa akupuntha mpunga pabwalo. Anamutenga amuna atatu pa galimoto. Mmodzi yekha ndiye anavala yunifomu. Anamumanga manja ndi chingwe cha njati yake yoweta yomwe, ndipo kumene akupita naye sananene. Mayiwa apita kupolisi ya pamsika, kumeneko awauza kuti, "Bwererani mayi, ngati ndi mwana wabwino abwera yekha." Budhan ndi wamtali, ali ndi chipsera cha chikwakwa pa chala chachikulu, ndipo anachoka wopanda nsapato. Amene wamuona akasiye mawu pa malo ogulitsira tiyi a pa siteji ya basi. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Sonabati Devi, amayi ake.

Pa 15 mwezi wa Mangsir

Mayi Sonabati Devi Mahato akudziwitsa abale a ku Sakhuwa ndi a ku Dumrahi kuti Budhan wapezeka. Ali m'chitokosi cha apolisi kuboma. Diso limodzi latupa.

Tsono mvetserani zimene mayiwa anachita manyazi kunena poyamba. Pabwalo pawo pali a Budhan awiri, onse obadwa chaka chimodzi Lachitatu, tsiku limene dzinali limachokera. Wina ndi wawo. Wina ndi wa alamu awo a Jageshar Mahato, akulu ake a malemu amuna awo. Budhan wa a Jageshar ndiye anagunda nkhalamba yogulitsa mchere ndi njinga yamoto ya bambo ake, nkhalambayo n'kufa, iye n'kuwoloka malire tsiku lomwelo. Chikalata chomangira munthu chinalembedwa kuti Budhan Mahato mwana wa Jageshar.

Wapolisi atafika anafunsa mayiwa kuti, "Mnyamata uyu bambo ake ndani?" Aliyense akudziwa kuti mkazi satchula dzina la mwamuna wake, komanso satukula mawu pamaso pa akulu ake a mwamunayo. A Jageshar anali ataima pomwepo. Mayiwa anakoka nsalu yawo ya sari kufunda kumaso n'kunena chapansipansi kuti, "Ndi wa eni nyumba ino." A Jageshar anati, "Mwadzimvera nokha. Mwini nyumba ino ndine. Ndi wanga, mtengeni, lamulo ndi lamulo." Budhan anakuwa kuti, "Awa ndi abambo aakulu, si bambo anga." Wapolisi anamuwomba khofi nati, "Aakulu, aang'ono, bambo ndi bambo. Nonsenu mukaona chingwe mumakana makolo."

Aphunzitsi a Nirmala awawerengera mayiwa kuti malamulo aakulu a dziko la Nepal amati womangidwa azionekera kukhoti pasanathe maola makumi awiri ndi anayi. Mayiwa anakanena zimenezo kupolisi. Wapakauntala anaseka nati, "Mwaphunzira liti uloya, mayi? Maolawo timayamba kuwerenga tikamulemba m'buku. Sitinamulembe." Anati abweretse chiphaso cha unzika cha mwanayo. Chiphaso alibe, chifukwa woyenera kumusainira ndi a Jageshar omwewo, ndipo chimwalirireni bambo ake akhala akukana, kuopa kuti angadzafunse gawo la munda. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Sonabati Devi, amene anam'bereka.

Pa 18 mwezi wa Mangsir

Bambo Jageshar Mahato a m'mudzi wa Dumrahi akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti mwana wawo Budhan ali m'manja mwa boma, ndipo banja likulemekeza lamulo. Akudziwitsanso kuti mwana wa malemu mng'ono wawo anapita kukagwira ntchito kunja kwa dziko, ku Punjab, ndipo ali bwino. Akupempha anthu kuti awamvere chisoni alamu awo, amene umasiye wawasokoneza mutu. Onse akuitanidwa ku mapemphero ndi chakudya Lachiwiri masana pakhomo pawo. Chilengezochi chachokera kwa Bambo Jageshar Mahato ndi banja lonse.

Pa 6 mwezi wa Poush

Mayi Sonabati Devi Mahato akudziwitsa anthu a ku Dumrahi kuti mutu wawo uli bwinobwino. Akudziwitsanso kuti pa msonkhano umene anaitanitsa Loweruka pabwalo la sukulu panabwera amayi atatu ndi mbuzi. Ku chakudya cha a Jageshar munapita mudzi wonse.

Mlandu ulowa Lachinayi pa 11. Pakufunika anthu awiri okha okanena kukhoti kuti Budhan ameneyu ndi wa yani. Mayiwa akutchula mayina. A Lakhan Yadav, inu munanyamula nawo mtembo wa bambo ake ndipo munaona mwana amene anayatsa moto wowotchera mtembowo, monga amachitira mwana wa malemu. Ansembe a Baidyanath, ana onse awiri munawapatsa mayina ndinu. A Kusmi Devi, Budhan anayamwa bere lanu sabata yathunthu mayi ake akudwala. Dzulo munawauza pachitsime kuti, "Mchemwali, tirigu wathu amamwa madzi a pampu ya a Jageshar, ukufuna ana anga adye chiyani?" Mayiwa anasenza mtsuko wawo n'kubwerera. Akuyankha pano: wanga akudya chiyani?

Budhan sadziwa n'komwe kuliza njinga yamoto, amangodziwa ngolo. Zimenezi nonse mukuzidziwa. Basi imanyamuka sikisi koloko m'mawa. Mayiwa adzakhala ataima pa siteji. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Sonabati Devi.

Pa 13 mwezi wa Poush

Mayi Sonabati Devi Mahato akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti basi anakwera okha.

M'khoti loya wa boma anawaimika nawafunsa dzina la bambo ake a mwanayo. A Jageshar anali pa benchi yakutsogolo. Mayiwa anachotsa sari kumaso, anawayang'ana, n'kutchula. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi dzinalo linali lisanatulukepo pakamwa pawo. Dzinalo ndi Ramphal. Alilemba pano ndi dzanja lawo, ndipo owerenga muwerenge kawiri. Ramphal Mahato.

Kumbuyo anthu anaseka. Wina anati, "Taonani mkazi wopanda manyazi." Woweruza anamenya tebulo, kenako anati, "Mayi, ndamva. Koma munthu wavomera yekha kuti mwana ndi wake, ndipo apolisi alemba kuti inunso munavomera. Bweretsani pepala kapena mboni." Belo yakanidwa. Mlandu auimitsa mpaka mwezi wa mawa, Budhan amutumiza kundende.

Kumudzi amayi asiya kutunga madzi mayiwa akafika. Akuti kutchula dzina kumafupikitsa moyo wa mwamuna. Afupikitse chiyani, munthu anawotchedwa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo? Mayiwa akuti akanatchula tsiku lija pabwalo bwenzi mwana ali pakhomo. Anawaphunzitsa kukhala chete ndi amayi awo owabereka, ndipo anaphunzira bwino. Amene ali ndi pepala lililonse lolembedwa dzina la Budhan ndi la bambo ake, kaya la kusukulu ya pulayimale imene inakokoloka ndi madzi ija, kaya la katemera, abwere nalo. Chilengezochi chachokera kwa mkazi wake wa Ramphal.

Pa 24 mwezi wa Magh

Mayi Sonabati Devi Mahato akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti asavutikenso kufuna mapepala. Mlandu watha.

Loya womuimira anamuuza Budhan kuti akapitiriza kukana, mlandu ukhoza kukoka zaka akudikira mboni zosabwera, iye ali m'kati momwemo. Akavomera, chilango chichepa. Lolemba woweruza anafunsa kuti, "Ndiwe Budhan mwana wa Jageshar?" Mwanayo anayang'ana pansi nati, "Ndine." Amugamula zaka zitatu. Pokwera galimoto ya kundende anawauza mayi ake kuti, "Amayi, musandiyang'ane choncho. Ndatopa. Zitatu zimatha."

Tsopano pempho lawo ndi ili. Kukuzizira, chifunga sichikuchoka mpaka masana, ndipo mwanayo akutsokomola. Pali bulangete, juzi la bambo ake ndi kathumba ka chiura, mpunga wophwanya uja, chosakaniza ndi shuga wofiira. Amene akupita kuboma sabata ino akatenge katunduyu pa malo ogulitsira tiyi paja, akamusiyire. Pachipata musakafunse Budhan mwana wa Ramphal, akakuuzani kuti munthu wotere mulibe. Mukanene mmene alembera m'buku mwawo.

Mayiwa apitako kawiri. Msilikali wa pachipata amati, "Mwabwera kudzaona yani? Dzina lake ndi la bambo ake." Ulendo woyamba anatchula zoona, anawabweza. Ulendo wachiwiri anaima pawindo mpaka anthu a pamzere anayamba kutukwana, pakamwa pakukana kutchula a Jageshar, n'kubwerera ndi bulangete lawo. Wachitatu sakudziwa. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Sonabati Devi Mahato a ku Dumrahi, amene m'buku la pachipata akuti awalemba kuti amayi ake aang'ono.