Munthu Amene Anakhala Pansi ndi Achimwene Anga

Olemekezeka a Adiministiradolo a distritu yathu ya Tsangano. Olemekezeka amene mwabwera kudzaimira distritu ya Macanga. Akuluakulu a zaumoyo ndi a zosamalira anthu. A komandanti a polisiya. Mafumu athu pamodzi ndi nyakwawa zanu. Abusa, ansembe ndi akulu a mipingo. Aphunzitsi amene mutsogolere maphunzirowa, bambo Bonifácio ndi mayi Ana Paula. Ndi inu ana anga ophunzira, ena ovala zoyera za unamwino, ena oyembekezera kukatumikira m'masekeletariya, ndiwo maofesi a boma, ku polisiya ndi ku zaulimi: ndakupatsani moni nonse, ndipo ndamva kuti mwadzuka bwino.

Ndithokoze amene mwakonza mwambowu, ndithokozenso makolo amene mwasiya minda nthawi ino ya ntchito, makamaka inu a ku Chidzolomondo amene mwayenda mtunda wautali m'kuzizira kuno.

Pondiitana anandipempha kuti ndikambe za zaka zimene ndinagwira unamwino, koma ine ndawapempha kuti andilole ndikambe za kwathu. Lero ine Cecília ndaima pano ngati mlongo wake wa munthu, chifukwa maphunziro amene tikutsegulawa, a kathandizidwe ka munthu amene tsoka lamugwera mwadzidzidzi mpaka mutu kumuima, kufunika kwake ndinakuonera pakhomo pa makolo anga.

Achimwene anga a Policarpo anali mlimi wa mbatata ya kachewere ku Ntengo-Wambalame. Anali munthu wa ng'ombe, wodziwa kuziphunzitsa goli, moti anansi ankawabweretsera zawo zamakani. Anali ndi mwana wamkazi, Marlene, amene anali atangoyamba sekundariya. Tsiku lina la msika, mvula itagwa dzulo lake, anapakira matumba pangolo, ndipo mwanayo anapempha kukwera nawo kuti akasankhe yekha nsapato za kusukulu. Pamtsetse wina ngolo inaterereka n'kugubuduzika, matumba n'kumupsinja mwana. Bambo wake anamufukula ndi manja awo, munthu wa mota, njinga yamoto ija, n'kuwathamangitsira ku chipatala chaching'ono cha kufupi. Dzina la chipatalacho sinditchula, pakuti anthu a pamenepo anayesetsa ndithu. Mwana anatsirizikira m'manja mwa anamwino.

Tsono mvetserani zimene zinatsatira. Namwino anatuluka, mzere wa odwala ukumudikira, nati, "Pepani bambo, zakanika," n'kubwerera m'kati. Wapolisiya anafika, poti imfa ya ngozi imayenera kulembedwa, nafunsa, "Ngoloyo amayendetsa ndani?" Achimwene anati, "Ine." Iye anafunsanso, "Nanga simunaone kuti msewu ndi woterera?" Ku sekeletariya, pofuna chikalata cha imfa, achimwene anauzidwa kuti, "Volte amanhã," bwerani mawa. Palibe amene anawatukwana, palibe amene anawabera, aliyense anagwira ntchito yake monga anamuphunzitsira. Koma palibenso amene anawapatsa mpando, palibe amene anawafunsa ngati amwako madzi, palibe amene anafuna kudziwa kuti kumudzi abwerera ndi yani.

Tinaika maliro, tinalira, tinabalalika, ine n'kubwerera ku ntchito ku Tete. Achimwene sanagwetse msozi pamaliropo, ndipo anthu anawayamikira kuti ndi mwamuna wolimba mtima. Kenaka anasiya kudya bwino, anasiya kupita kubwalo la mpira, anayamba kugawa zinthu zawo: ng'ombe ndi goli anapatsa mwana wawo wamkulu Edson, wailesi anapatsa mnansi. Anthu anati chisoni chawasandutsa munthu wopatsa.

M'mawa wina, dzuwa litakwera, mlangizi wa zaulimi wa dera lathu, bambo Nélio, ankadutsa pa mota m'mphepete mwa munda wawo. Anawaona atakhala pamzere, botolo la mankhwala opopera mbatata lili pambali, koma bomba yopopera palibe. Anapitirira pang'ono, mtima n'kumukana, natembenuka.

"Mwadzuka bwanji, bambo Policarpo?"

"Ndadzuka."

"Mupopera lero? Nanga bomba mwaisiya kuti?"

Achimwene anangoyang'ana pansi. A Nélio anazimitsa mota, nakhala padothi pafupi nawo. Kenaka anati, "Bambo, mundilole ndikufunseni mosabisa. Kodi mukuganiza zodzipha?"

Ndaona ena mwadzidzimuka. Tonse tinakula tikumva kuti mawu amenewa ukawatchula ndiye kuti wamupatsa munthu nzeru yoipa. Aphunzitsi anu akuuzani kuti si zoona, ndipo ine ndikuwachitira umboni, chifukwa funso limeneli ndi limene linawamasula achimwene. Anati, "Wapolisiya uja sananame. Ndinaona kuti ndi poterera, ndinaona ndi maso angawa. Mwana uja ndinamupha ndine." Apo ndi pamene analira koyamba chimwalirireni mwana wawo.

A Nélio sanawatsutse, sanawalalikire, sanawauze kuti limbani mtima. Anangoti, "Ndiuzeni za Marlene." Achimwene anakamba za mwana wawo mpaka dzuwa linafika pamutu: mmene ankaitanira ng'ombe ndi mluzu ngati mnyamata, mmene ankawawerengera Chiputukizi cha pa mabotolo a mankhwala. Achimwene atatopa, a Nélio anati, "Botololi mundilole ndikasunge ine." Achimwene anawapatsa. Ndipo a Nélio anawaperekeza wapansi mpaka kunyumba, akukankha mota, nawaitanira pambali alamu anga a Laurinda, kuwauza zonse.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa, kuti muombe m'manja tipite kukadya. Siinathere pamenepa.

Alamu anafunsa, "Tsono ndipite nawo kuti?" A Nélio sanadziwe. Anayesa kupita nawo achimwene kuchipatala, kumeneko anawayeza malungo, sanawapeze nawo, nawapatsa mapiritsi a mutu, pakuti achimwene anangonena kuti mutu ukuwawa ndipo panalibe wowafunsa zina. Alamu sanauze munthu, ngakhale ine amene ndinali namwino. Edson anali pafupi kukwatira, ndipo alamu ankaopa kuti akuchikazi akamva adzati m'banja muno muli misala. A Nélio ankabwerabe, kudzakhala nawo pakhonde, kukamba za mbewu ndi za ng'ombe. Achimwene anayambanso kudya. Anakumba mbatata, anavina paukwati wa mwana wawo, ine ndinawaona ndi maso anga ndipo ndinati achira.

Kenaka boma linawasamutsira a Nélio ku Macanga, monga limasamutsira wantchito aliyense. Makiyi a mota anasiyira wowalowa m'malo, mayina a alimi anamusiyiranso, koma nkhani ya achimwene panalibe woti amusiyire, chifukwa pa ntchito yawo panalibe malo a nkhani zotere. Mvula itabweranso, misewu n'kuyambanso kuterera, alamu tsiku lina anachokera kuchitsime n'kupeza kuti amuna awo atisiya. Mmene anapitira sindikamba pano.

Tinawaika popanda nyimbo. Abusa muli pano, sindikukuimbani mlandu, ndikudziwa malamulo a mipingo pa munthu wodzichotsera yekha moyo. Ndikungonena kuti mkazi amene anaimba kwaya kuyambira utsikana wake anaperekeza mwamuna wake kumanda kukungomveka makasu okha.

A Nélio anabwera pamaliropo kuchokera ku Macanga, ndipo ndi pamenepo pamene ndinamva zonse ndakuuzanizi. Anandigwira dzanja nati, "Mayi, ndinalakwitsa pati?" Ndinawayankha kuti, "Simunalakwitse, bambo. Munatipatsa chaka chimene sitikanakhala nacho. Edson anakwatira bambo wake akuona." Iwo anapukusa mutu nati, "Kukhala nawo pansi ndinkadziwa. Kokawasiya ndi kumene sindinkadziwa."

Ana anga, maphunziro anuwa abwera chifukwa cha mawu amenewa. Mudzaphunzira kuzindikira munthu amene wafika pamapeto, ngakhale akuseka, ngakhale akugawa katundu wake mokoma mtima. Mudzaphunzira kauzidwe ka uthenga wa imfa, kuti munthu muyambe mwamukhazika pansi, ndipo musamulole kuchoka yekha. Inu a polisiya ndi a m'masekeletariya, mafunso anu ndi oyenera ndipo lamulo limawafuna, koma funso lomwelo likhoza kufunsidwa m'njira yoti munthu apume, likhozanso kufunsidwa m'njira yoti akaligonere mpaka kumanda. Mudzakumana ndi mayi womenyedwa amene akuti anagwa pachitsime, mtsikana wogwiriridwa amene sakutha kutsegula pakamwa, banja limene nyumba yawapsera. Ndipo pa onsewa mudzaphunzira chimene chinasowa kwathu: kumupereka munthu m'manja ena odziwa, kutchula dzina la amene amulandire, ndi kubweranso kudzaona ngati anafikadi.

Sindikunamizani. Ena mudzawathandiza ndi mtima wonse, koma adzapitabe. Tsiku limenelo mudzafuna munthu wokhala nanu pansi inuyo, choncho yang'anani amene mwakhala naye pafupiyo, muyambe lero kusamalirana.

Kwa inu akuluakulu a boma, pempho langa ndi lakuti pa chipatala chilichonse ndi pa posto iliyonse ya boma pakhale munthu wodziwika amene nkhani zotere zizifikira, kuti wantchito akasamutsidwa, wovutika asatsale pamtetete. Kwa inu mafumu ndi akulu a mipingo, tithandizeni kuchotsa manyazi m'midzi, kuti mkazi athe kunena poyera kuti amuna anga sali bwino, popanda kuopa kuti ana ake asowa mabanja.

Nkhaniyi si yanga ndekha, choncho ndisanabwere kuno ndinapita kwa alamu kukapempha chilolezo. Ndinawapeza akusankha mbewu ya nyemba pakhonde, atakalamba kuposa msinkhu wawo. Ndinati, "Alamu, kudzakhala anthu ambiri, ena okudziwani. Ndisinthe mayina?" Anaika lichero pansi nati, "Ayi, mukatchule. Ine ndinabisa, ndipo ndinaona chimene kubisa kunandipatsa."

Ndawatchula, monga anandituma.

Olemekezeka nonse, ndi mphamvu imene mwandipatsa pondiimika pano, ndikulengeza kuti maphunziro a kathandizidwe ka anthu ogweredwa tsoka mwadzidzidzi, a ophunzira unamwino ndi ntchito za boma a ku Tsangano ndi ku Macanga, atsegulidwa kuyambira tsopano.

Zikomo kwambiri pondimvera.