Bawuti Limene Linakana Kulowa

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonsenu. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinali ndi satifiketi m'manja koma ntchito n'kundikana, ndi mmene Mulungu anandivulira manyazi kudzera mwa munthu amene ndinkamuyesa mdani wanga.

Tinkakhala ku komboni ya George mu Lusaka, ine ndi mayi anga, bambo atamwalira. Ndinaphunzira zaka ziwiri kusema zitsulo pa makina kusukulu ya ntchito zamanja, ndipo ndinkaposa anzanga onse. Mphunzitsi wathu, a Tembo, ankakweza m'mwamba bawuti losema ine kuti kalasi yonse ione. Ndisakunamizeni, ndinayamba kudzimva. Masiku amenewo malire akummwera anali otseka, zitsulo za makina sizinkabwera, choncho mafakitale ankasaka anthu otha kuzisema konkuno. Mayi anali atalengeza kale kutchalitchi kuti mwana wawo wapeza ntchito, ine ndisanayesedwe n'komwe.

Tsiku lokayesedwa kufakitale, kapitawo wake, a Mulenga, munthu wosaseka, anandipatsa pampu ya madzi yochokera kunja kuti ndiisemere bawuti m'malo mwa lothyoka. Ndinalisema bwinobwino, losalala, lowala. Poti ndililowetse, linazungulira kawiri n'kuima. Ndinati ndi dzimbiri chabe, ndinatenga sipanala n'kukakamiza ndi mphamvu zanga zonse. Ndinangomva kuti khwee! Mazinga onse ogwira bawuti m'kati mwa pampu ija ndinali nditawaononga.

A Mulenga anayeza bawuti lija, kenako anandiyang'ana. "Imwe, ivi ni va mainchesi. Mashini yonse muno ni mamilimita. Nindani anakuphunzitsani?"

Zaka ziwiri zathunthu, sindinagwirepo choyezera cha mamilimita ngakhale tsiku limodzi. Makina akusukulu kwathu anali osiya atsamunda, ndipo dziko linali litasintha miyeso ife tikusemabe zakale. A Mulenga analemba dzina langa ndi la sukulu papepala, bawuti lija anaika m'thumba, n'kundilozera pageti.

Kwa miyezi itatu ndinkadzuka m'mawa, kuvala ovololo, kutsanzika mayi, n'kukakhala pamsika wa Matero kuonerera okhoma zidebe mpaka dzuwa kupendeka. Kufakitale ina sindinayerekeze kupitako, pakuti ndinkakhulupirira kuti pepala lija lazungulira mabwana onse a mu Lusaka. Ndinadana nawo a Mulenga, ndinadana nawo a Tembo, ndipo Mulungu nayenso ndinamukwiyira. Lamulungu lina azimayi akutchalitchi anandigwira chanza pondiyamikira za ntchito, ine n'kumayankha kuti zikomo. Nditafika kunyumba ndinagwada n'kunena mawu ochepa: Ambuye, bodzali landilemera, ndichotsereni kapena mundiulule.

Sabata yomweyo atcheyamani a chipani a m'dera lathu anafika pakhomo ndi kalata. Amene munakhalapo masiku aja mukudziwa kuti atcheyamani akagogoda, mtima unkayamba wathawa. Ndinadziwa kuti ndi mlandu wa pampu ija, ndipo ndinaulula zonse kwa mayi kalatayo ndisanatsegule. Iwo anangoti, "Ninaziba kudala. Ovololo ya munthu osebenza siibwela yoyela so." Manyazi amene ndinachita pamenepo sindingawafotokoze.

Koma kalata ija sinali ya mlandu. Inkandiitanira kusukulu yathu yakale, ndipo kumeneko ndinapeza a Mulenga atakhala mu ofesi ya mkulu wa sukulu. Ndinamva kuti kunabwera alendo akunja ofuna kupereka ndalama zoti sukulu yathu igwirizane ndi sukulu ina ya ku Tanzania, kumene ankaphunzitsa pa makina atsopano. Akuluakulu ena ankakana, amati maphunziro athu ali bwino kale, ndalamazo amangire mpanda. A Mulenga, amene anaitanidwa kuimira mafakitale, anatulutsa bawuti langa n'kuliika patebulo. Anati ili lasemedwa ndi manja aluso kuposa onse amene anawayesa chaka chimenecho, koma palibe makina alionse mufakitale mwawo amene lingalowemo. Mkangano unathera pomwepo. Anagwirizana zotumiza anthu kukaphunzira miyezi isanu ndi umodzi, kugula makina atsopano, komanso kuti mafakitale azinena okha luso limene akufuna. Dzina loyamba papepala la opita linali langa.

Munthu amene ndinamutukwana mumtima miyezi itatu anali akuyenda ndi dzina langa m'thumba pondifunira zabwino.

Tsiku la ulendo ndinadzidzimukanso. Pampando woyandikana ndi wanga m'basi munali a Tembo, imvi zili mbuu, kope latsopano lili pamiyendo. Anati, "Mwana wanga, ninakupasa vimene ninali navo. Manje tiyende tikaphunzile pamozi." Mkwiyo wonse unandithera pomwepo, ndipo misozi inagwa. Ku Tanzania tinkasinthana makina amodzi, ndipo masiku ena ndine ndinkawasonyeza powerenga choyezera.

Nditabwerako, a Mulenga anandilemba ntchito osandiyesanso, osamwetulira n'komwe, ndipo ndinagwira nawo mpaka anapuma pantchito.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wabodza ngati ine. Inu amene mwabwezedwa pageti, musafulumire kutemberera amene wakubwezaniyo. Pempheranibe, pakuti simudziwa kumene akukakutchulani inu kulibe.